Chimene ogula amalipira pa galimoto zakale

Pakati pa anthu okonda galimoto zakale ku America pali mkangano wosatha: kodi yoyenera mtengo wokwera ndi iti, yomwe yakonzedwa mpaka kubwerera momwe inatulukira m'fakitale, kapena hot rod, yomwe mwini wake anaidula denga, kuitsitsa pansi ndi kuikamo injini yamphamvu ya galimoto ina? Maganizo anga ndi akuti ogula salipira kukongola, ngakhalenso thukuta la makaniko. Amalipira mbiri yomwe ili ndi umboni.

Mu 2014, pa okushoni ya kampani ya Mecum ku Seattle, Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 ya denga lopinda inagulidwa pa madola 3.5 miliyoni. Galimoto za mtundu umenewu zinapangidwa zochepa kwambiri, ndipo iyi inali idakali ndi injini yake yoyambirira, yomwe nambala zake zimagwirizana ndi za galimotoyo. Palibe amene angapangenso ina yotere.

Hot rod ili ndi chiyambi china. Achinyamata a ku California ankagula motchipa ma Ford otha ntchito, makamaka a 1932 omwe anali oyamba kukhala ndi injini ya V8 (ya masilinda asanu ndi atatu) yotsika mtengo, n'kuwachotsa zolemera zonse kuti akapikisane liwiro pa nyanja zouma monga El Mirage. Lero ntchitoyi imadya ndalama zankhaninkhani, koma penti, mipando ndi matayala zimasankhidwa potsata mtima wa munthu mmodzi. Tsiku logulitsa likafika, wogula amaona zoti adzasinthe, ndipo amatsitsa mtengo. Kuwonjezera apo, ma hot rod ambiri amakono ali ndi bodi yatsopano yongofanizira ya 1932, kotero wina aliyense wokhala ndi ndalama angathe kumangitsa yake mawa. N'chifukwa chake omanga ambiri sabweza zomwe analowetsa, ngakhale ntchito yawo itakhala yaluso kuposa ya m'fakitale, ndipo kunena zoona nthawi zambiri imakhaladi yoposa.

Koma amene amati kusintha galimoto n'kuiononga basi amaiwala galimoto ya Mercury ya 1951 yomwe Sam ndi George Barris, abale odziwika pa ntchito yosintha galimoto, anaisintha mu 1952 atatumidwa ndi Bob Hirohata. Anaidula denga, anasintha mbali zake ndi kutsogolo, moti kwa munthu wokonda za m'fakitale inali galimoto yophwanyidwa. Mu Januwale 2022 inagulidwa ku Kissimmee, m'chigawo cha Florida, pa madola opitirira 2 miliyoni, mtengo womwe Mercury wamba ya chaka chomwecho, ngakhale yokonzedwa bwino chotani, singauyandikire n'komwe. Munthu akanati aibwezeretse momwe inatulukira m'fakitale, akanataya chuma chonsecho, chifukwa pa galimoto iyi kudulidwako ndiye mbiri yake. Ngakhale chionetsero chotchuka cha galimoto zakale cha Pebble Beach ku California, chomwe kwa zaka zambiri sichinkafuna kumva za ma hot rod, chinawatsegulira khomo mu 1997, koma chinalandira okhawo akale odziwika.

Choncho ine ndikanakhala ndi ndalama zogulira hot rod ngati chuma chosunga, sindikanayamba ndi kufunsa mphamvu ya injini. Ndikanapempha zithunzi zakale, mayina a eni ake onse, ndi magazini ya m'zaka za m'ma 1950 momwe galimotoyo inatulukamo.