Mafuta a malambe satchinga dzuwa, tisanamizane

Dzulo m'gulu lina la pa WhatsApp munthu wina anatumiza chithunzi cha timabotolo ta mafuta opangira pakhomo, osakaniza malambe, chamwamba ndi aloe vera. Pansi pake analemba kuti ndi abwino kwa anthu achialubino chifukwa amateteza ku dzuwa. Mtima wanga unangoti myuu, poti mwana wa achemwali anga ndi wachialubino. Ndinamufunsa kuti SPF yake, nambala yosonyeza mphamvu ya mafuta potchinga dzuwa, ndi yochuluka bwanji, nanga anakayezetsa kuti.

Musandimve molakwa, ine zitsamba ndinakula nazo ndipo sindizinyoza. Komanso kudzipaka zochokera ku mitengo pothawa dzuwa si zachilendo. Amayi a Chimakua kumpoto kwa Mozambique amapera mtengo wa mussiro pamwala n'kudzipaka kumaso, ku Myanmar ali ndi thanaka, ku Madagascar masonjoany. Koma taonetsetsani, zonsezi ndi phala lokhuthala lomwe limaumira pankhope ngati dothi, ndiye limaphimba khungu. Mafuta onyezimira aja sachita zimenezo. Kufewetsa khungu amafewetsa ndithu, koma mafuta a zomera akayezedwa paokha SPF yake imakhala yotsika kwambiri. Pamene mafuta enieni a SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 pa 100 ya cheza cha dzuwa chotentha khungu chotchedwa UVB, ndipo achialubino amalangizidwa kudzola a SPF 50 akapezeka.

Chomwe chimandiopsa ine ndi ichi: munthu akadzola n'kukhulupirira kuti watetezeka, chipewa chija amachisiya. Amapita kumunda dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kapena kukakhala pamsika tsiku lonse. Kachilonda kamayamba pakhutu kapena pamlomo, osapola, mapeto ake khansa ya pakhungu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno. Amenewa si anthu oti tiziyeserapo timabotolo tathu ayi.

Kupanga mafutawa kuno kwathu n'kotheka. Ku Moshi m'dziko la Tanzania anayamba kupanga awoawo otchedwa Kilisun, opangira dala anthu achialubino. Ndiye ine ndingakondwe ophunzira a ku yunivesite ya MUST kapena ya KUHeS atatenga chamwamba ndi malambe omwewa, kufufuza zomwe zilimo zothandiza khungu lopsa, n'kuziphatikiza ndi zinc oxide yemwe amadziwika kale kuti amatchinga mitundu iwiri yonse ya cheza choononga khungu, UVA ndi UVB. Akatero akayezetse, a bungwe loona za mankhwala la PMRA ndi a Malawi Bureau of Standards aonepo, nambala ya SPF ilembedwe pabotolo. Alimi athu angapezenso msika. Koma kuyamba kugulitsa usanayezetse, pamenepo ndiye ndakana.

Mwana wa achemwali uja akudzola omwe amalandira kuchipatala. Akatha, poti nthawi zina amasowa, ndi malaya a manja aatali ndi chipewa chachikhonde basi. Wogulitsa uja uthenga wanga anauwerenga dzulo lomwelo, koma mpaka pano ali zii.