Matileyi akudawa atimalizira nkhuku

Chonyansa pa malonda a mazira muno mu Lilongwe ndi matileyi a mapepala. Opikula mazira okagulitsa ku Wakawaka kapena ku Mchesi amayenda ndi matileyi omwewo khola ndi khola, zitosi ndi nthenga zitamatirira, n'kulowa nawo mpaka m'kati. Abale, chimfine cha mbalame chimafala choncho! Kachilombo kake kamakhala m'zitosi ndi m'mamina a nkhuku, ndipo tileyi ya pepala sichapika. Musadalirenso katemera wa chitopa, wodontheza m'diso uja, sateteza ku nthendayi.

Mtundu woopsa ukalowa m'khola, nkhuku zimatupa nkhope, zimasiya kuikira, n'kufa zambirimbiri m'masiku ochepa. Zotsala zimaphedwa. Mu 2023 ku South Africa anapha nkhuku mamiliyoni, mazira mpaka anasowa m'mashopu. Ndiye mwanapiye amafuna masabata 18 mpaka 20 kuti ayambe kuikira, kotero mtengo wa tileyi ya mazira 30 ukakwera sutsika msanga.

Wopikula aziimira pageti, mazira aziikidwa m'matileyi ake komweko. Pakhomo pa khola pazikhala beseni la mankhwala opondamo, ndipo muzisintha akangoda.