Chenjezo kwa inu osewera ndi nthaka ndi madzi

Tamverani kuno, inu ogwetsa mitengo m'mapiri, inu olima mpaka khasu kukhudza madzi a mumtsinje, ndi inu omanga m'madambo. Madzi akasefukira mumathamangira kunena kuti mvula yaipa. Nyengo ikusinthadi, sitikukana, koma njira imene madziwo adzera pokuonongerani katundu munailambula nokha ndi nkhwangwa, khasu ndi moto.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, imeneyo ndi lita imodzi ya madzi. Ndiye mvula ya mamilimita 25, yomwe imatha kugwa pa ola limodzi, imathira malita 250,000 pa hekitala. Madzi onsewa ali ndi njira ziwiri zokha, kulowa pansi kapena kuthamanga pamwamba, ndipo wosankha ndi amene akugwiritsa ntchito malowo. Pamene pali mitengo, udzu ndi zinyalala, dontho limayamba lamenya tsamba, mphamvu yake n'kuthera pomwepo, kenako limatsikira m'timabowo ta mizu yowola ndi ta nyongolotsi. Pamtetete dontho limamenya dothi lenilenilo, kuliphwanya kukhala fumbi, fumbilo n'kutseka timabowo tonse. Dzuwa likawala pamatsala chikhakha cholimba. Mvula yotsatira siilowanso, imangonyamula dothi n'kumapita.

Choipa chake n'chakuti kukokoloka kwa nthaka sikuoneka msanga. Dothi lokhuthala milimita imodzi yokha likachoka pa hekitala, mwataya matani pafupifupi 13, koma diso silingazindikire kanthu. Pitani m'munda mvula itangokata, muwerame. Mukaona timiyala titakhala pamwamba pa timizati ta dothi totalika ngati chala, dziwani kuti nsonga ya kamzatiko ndi pamene panali nthaka yanu, ndipo zonse zozungulira zapita. Mizu ya mitengo ikayamba kuonekera pamtunda, nkhani ndi yomweyo. Dothi lapitalo ndi lapamwamba, la chonde, limene sentimita imodzi imatenga zaka mazana kuti ipangike. Feteleza sangalibweze.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera osauka okha. M'zaka za m'ma 1930, alimi a ku Oklahoma, Kansas ndi Texas ku America anali atagalauza udzu wachilengedwe wa mizu yakuya m'zigwa zikuluzikulu kuti adzale tirigu. Chilala chitafika panalibe chogwira dothi, mphepo inaliulutsa mpaka usana kuda ngati usiku. Pa 14 April 1935 kunadutsa chimphepo cha fumbi chimene anthu akuchikumbukirabe, ndipo chaka chomwecho boma linakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka, mabanja ambirimbiri atasiya kale minda yawo.

Tsono inu olima pamalo otsetsereka, mizere yoloza kumunsi mukuifuniranji? Mzere uliwonse wotero ndi ngalande yotulutsira chonde m'munda. Mizere izidula phiri mopingasa, motsata akalozera. Poyeza simufunika makina: mangani timitengo titatu ngati chilembo cha A, pamwamba mumangirire chingwe chokhala ndi mwala. Chingwe chikagwera pa chizindikiro cha pakati pa kamtengo kopingasako, ndiye kuti miyendo iwiriyo yaima mofanana, khomani chikhomo, tembenuzani mwendo, pitirizani. Ambiri amayeza ndi maso chifukwa cha ulesi, ndipo apa ndi pamene pamabadwira chigwembe. Mzere ukapendekeka pang'ono, madzi onse amasonkhana pamalo otsikawo, amabowola mzere woyamba, n'kugwetsa wachiwiri ndi wachitatu ndi mphamvu yoonjezereka. Pa kalozera dzalani udzu wa vetiva motalikana masentimita 10 mpaka 15 kuti agwirane msanga, osasiya mpata. Malo akakhala otsetsereka kwambiri, akalozera ayandikane. Pakati pa mizere ikani ngonyeka kuti madzi aime, alowe pansi. Ndipo mapesi ndi udzu lekani kutentha. Naitirojeni, amene ndi chakudya cha mbewu, amapita ndi utsi, phulusa lotsalalo limatengedwa ndi mvula yoyamba, nthaka n'kutsala yosavala kanthu.

Chigwembe chikayamba, ambiri amaunjika chimulu chachitali cha miyala pakati n'kumati atseka. Madzi amangozungulira m'mbali n'kukumba malo aakulu kuposa poyamba. Yambirani kumtunda, kumene madziwo akuchokera. M'kati mwa chigwembe mangani timipanda tatifupitifupi tambiri, osati chimodzi chachitali. Kampanda kalikonse kalowe m'makoma a mbali zonse ziwiri, pakati pakhale potsikirapo kuti madzi adzerepo, ndipo kumunsi kwake yalani miyala kuti madzi akamagwa asafukule maziko.

Za m'mphepete mwa mitsinje n'zomvetsa chisoni. Mizu ya mitengo, nsungwi ndi bango ndi imene imamanga gombe. Mukaichotsa, gombe limagumuka, matope amadzaza mtsinje, mtsinjewo n'kukhala wosaya, mvula yochepa n'kuusefukiritsa. Okumba mchenga nawo amasiya maenje amene madzi amawakulitsa chobwerera kumtunda mpaka kufukula mizati ya milatho, ndipo pansi pa mtsinje pakatsika, madzi a m'zitsime zoyandikana amatsikanso. Dambo limene mukulikwirira kuti mumangepo ndiye mosungira madzi a mtsinje: limamwa nthawi ya dzinja n'kumatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mukamanga pamenepo, tsiku lina adzabwera kudzafuna malo awo, ndipo mtsinje umene unkayenda chaka chonse udzayamba kuuma mvula ikangotha.

Pansi pa nthaka napo mukuonongapo ngakhale simukuonapo. Madzi a m'chitsime ndi m'mjigo ndi mvula yomwe ija imene inalowa pansi. Mukawaka simenti paliponse n'kumapopa mosalekeza, mukutapa osabwezera. Denga la masikweya mita 100 limatsitsa malita 2,000 pa mvula ya mamilimita 20 yokha; madzi amenewa asungeni m'thanki kapena muwalozetse m'dzenje la miyala kuti alowe pansi, osati kuwathamangitsira kwa mnzanu wakumunsi. Mzinda wa Jakarta ku Indonesia ukutitimira, madera ena akumpoto kwake ndi masentimita oposa 10 pa chaka, makamaka chifukwa chopopa madzi apansi mopyola muyeso, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene boma lakumeneko likumangira likulu latsopano pa chilumba cha Borneo. Dothi ladongo likaphwera chifukwa chochotsedwa madzi silitukukanso. Inunso okumba chimbudzi pafupi ndi chitsime, mukumwetsa ana anu chiyani? Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wa mamita osachepera 30, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi apansi. Oyilo wakutha wa galimoto ndi zotsukira mpope wa mankhwala musathire m'ngalande kapena mumtsinje.

Maboma nawo ali ndi mlandu, ndipo wawo umakula. Mu 1960 nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, inali yachinayi kukula pa nyanja zonse zapamtunda, masikweya kilomita pafupifupi 68,000. Boma la Soviet Union, limene linkalamulira maderawa nthawi imeneyo, linapatutsa mitsinje iwiri yoidyetsa, Amu Darya ndi Syr Darya, kuti azithirira thonje m'chipululu. Lero ku Moynaq ku Uzbekistan, komwe kunali doko la asodzi, zombo zili pamchenga zikuchita dzimbiri, ndipo mphepo imanyamula mchere ndi zotsalira za mankhwala a m'minda anthu n'kumapuma zimenezo. Damu la Kok-Aral limene Kazakhstan inamaliza mu 2005 linabwezako madzi ndi nsomba kumbali yakumpoto kokha. Olima mthirira ang'onoang'ono atengepo phunziro la mchere: madzi aliwonse amakhala ndi mchere pang'ono, ndipo mukathirira mopitirira pamunda wopanda ngalande zotulutsira, madzi amauma, mcherewo n'kutsala. Mukaona zoyerayera pamwamba pa mizere, vuto lafika kale.

Zitsa zimene zatsala m'minda musazizule kapena kuzitentha. Chitsa chamoyo chili ndi mizu yakuya kale, ndipo mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande yodzala. Alimi a ku Niger, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, abwezeretsa mitengo pa mahekitala mamiliyoni angapo ndi njira imeneyi. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira zitatu mpaka zisanu zowongoka ndi zamphamvu, zina zonse mudule ndi mpeni wakuthwa, modula chokweza kuti khungwa lisang'ambike. Sadzani nthambi zam'munsi mpaka theka la msinkhu wa mphukira, osapitirira apo, chifukwa ikatsala ndi masamba ochepa imafooka n'kuthyoka ndi mphepo. Bwererani pakapita miyezi ingapo kukachotsa zophukira zatsopano, ndipo zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira mutchingire mbuzi ndi moto.