Kunja kwa tauni kapena pakati pake: mmene America ndi Canada anamangira ma mall

Chinyumba cha Southdale Center, chomwe chinatsegulidwa mu 1956 ku Edina m'chigawo cha Minnesota ku America, ndicho chinatchukitsa kamangidwe ka ma mall, omwe ndi masitolo ambiri pansi pa denga limodzi, mokhala makina otenthetsa ndi kuziziritsa mpweya. Amene anajambula mapulani ake, Victor Gruen wochokera ku Vienna, ankafuna malo oti anthu aziyendamo wapansi, kucheza ndi kugula zinthu osavutika ndi chisanu. Pofika zaka za m'ma 1970, ngakhale matauni aang'ono ankafuna mall yawoyawo, koma America ndi Canada, mayiko ogawana malire, sanagwirizane pa funso la malo oyenera kuimangapo.

Ku America amalonda ndiwo ankasankha, ndipo ankasankha kunja kwa tauni kumene malo anali otsika mtengo, m'mbali mwa misewu ikuluikulu imene boma linayamba kumanga potsatira lamulo la 1956. Lamulo la misonkho la 1954 linawakometseranso zinthu, chifukwa linkachepetsa kwambiri msonkho wa mwini nyumba yatsopano m'zaka zoyambirira. Masitolo akuluakulu monga Sears ndi JCPenney anachoka m'misewu yakale ya pakati pa tauni, ogula n'kuwatsatira pa galimoto. Kamudzi ka North Randall, kufupi ndi Cleveland ku Ohio, kanalandira Randall Park Mall mu 1976, imodzi mwa zazikulu kwambiri panthawiyo. Inatsekedwa mu 2009, n'kugwetsedwa, ndipo lero pamalopo pali nyumba yosungiramo katundu ya Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, momwe mumalowa antchito okha.

Nako ku Canada ma mall a kunja kwa tauni analipo ambiri, koma boma la chigawo cha Ontario linaona msanga kuti pakati pa matauni pakufa, choncho linaika ndalama zothandizira makhonsolo kumanga ma mall pakati penipeni. Sitolo ya Eaton's ndiyo inali nsanamira ya ambiri mwa iwo: ku Sarnia mu 1982, ku Guelph mu 1984, ku Brantford mu 1986. Cholinga chinali chabwino, koma mtengo wake unali wowawa. Ku Guelph anatseka gawo la msewu wa Quebec Street n'kumangapo, pomwe ku Brantford chinyumbacho chinakhala pabwalo lakale la msika. Woyenda m'mbali mwake ankangoona khoma lalitali la njerwa pamalo pamene kale panali mawindo a masitolo ndi zitseko zotsegukira kumsewu, ndipo ogula ambiri anapitirizabe kupita kunja kwa tauni kumene ankaimika magalimoto kwaulere.

Njira ziwirizi zinali ndi chofooka chimodzi, chomwe ndi kudalira sitolo yaikulu imodzi kapena ziwiri zokokera anthu. Mapangano a lendi nthawi zambiri ankalola masitolo aang'ono kuchepetsa lendi kapena kuchoka ngati yaikuluyo yatseka. Eaton's inagwa mu 1999, Sears ya ku Canada inatseka masitolo ake onse mu 2018, ndipo chaka chomwecho Sears ya ku America inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole.

Poyerekeza zonsezi, ine ndimaona kuti Ontario inalakwitsa kamangidwe koma sinalakwitse malo. Chinyumba cha pakati pa tauni chikasowa amalonda, chimakhalabe pafupi ndi mabasi, maofesi ndi nyumba za anthu, motero sichivuta kuchipezera ntchito ina. Pamene panali Eaton's ku Guelph panamangidwa bwalo la masewera a hockey lomwe linatsegulidwa mu 2000, ndipo mall ya ku Brantford inagulidwa ndi yunivesite ya Wilfrid Laurier kuti muzikhala makalasi ndi maofesi. Ya kunja kwa tauni ikafa, khonsolo imatsala ndi malo aakulu a phula, misewu ndi mipope yoti izisamalirabe pomwe msonkho wochokera kumeneko wachepa. Si onse a ku Ontario amene anapulumuka, popeza gawo lalikulu la mall ya ku Sarnia linagwetsedwa, ndipo kutsekedwa kwa masitolo a Hudson's Bay mu 2025 kwasiyanso zipinda zikuluzikulu zopanda kanthu m'ma mall ambiri a ku Canada.