Nsomba za ku Mar Menor sizinafe ndi kutentha kokha

Mwalemba bwino za nsomba zomwe zinafa ku Mar Menor, thamanda lalikulu la madzi amchere la ku Spain, koma pamene mwati kutentha ndiko kunazipha sindikugwirizana nanu. Kutentha kunangomalizitsa ntchito yomwe feteleza anayamba kale.

Thamandali linatsekedwa ndi mchenga wautali wotchedwa La Manga, moti madzi ake sasinthana kwambiri ndi a nyanja ya Mediterranean. Chomwe chalowamo chimakhala momwemo. Ndiye kwa zaka zambiri nayitrojeni, chakudya cha zomera cha mu feteleza, wochokera m'minda yothirira ya dera loyandikana nalo la Campo de Cartagena, wakhala akutsetserekera mmenemo, wina kudzera mu khwawa la Albujón, wina ndi madzi a pansi pa nthaka. Poyamba udzu wa pansi pa madzi unkamwa chakudyacho n'kuchisunga. Mu 2016 ndere zinaswana, madzi n'kubiriwira ngati msuzi wa chisoso, dzuwa osafikanso pansi, udzu wambiri n'kufa. Apatu ndi pamene zinthu zinaipira. Udzu wowola umadya mpweya wa okosijeni, ndipo matope akasowa mpweyawo amatulutsa fosforasi yemwe anamusunga, ndere n'kupezanso chakudya china.

Mu October 2019, chigumula chitangodutsa, nsomba ndi nkhanu zinathawira m'mbali mwa madzi zikupuma wefuwefu chifukwa chosowa okosijeni m'madzimo, n'kufera pamchenga anthu akuona. Mu August 2021 zinachitikanso. Zimandipweteka kwambiri chifukwa asayansi anachenjeza kalekale.

Lamulo la mu 2022 linapatsa thamandali ufulu ngati wa munthu. Ndi chinthu chabwino, koma chonde mudzatilembere ngati feteleza wolowa m'madzimo wachepadi.