Mukufuna malo kwathu ku Neno? Bwerani mu February

Mwezi wathawu mnzanga wina wa kuntchito kuno ku Blantyre anandiimitsa pakhomo. "Achimwene, paja kwanu ndi ku Neno eti? Tandipezerani maekala asanu kumeneko. Ndidzale mapeyala, ndimange tinyumba ta alendo tiwiri titatu, ndikapuma ntchito ndizikakhala konko." Anali ataona zithunzi zimene ndinaika pa Facebook mu June: mapiri, nkhungu ya m'mawa, amayi akukumba mbatatesi atafunda chitenje chifukwa cha chisanu.

Si iye woyamba kundifunsa zimenezi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene ali ndi kandalama akufuna kukakwirira m'dothi, ndipo sindingamunene. Ndalama yosiya kubanki ikusungunuka ngati mchere wogwera m'madzi. Koma onse ndimawayankha chimodzimodzi: mu June musabwere, ndiye nthawi imene kwathu kumavala zovala za Sabata. Bwerani mu February.

Kwathu ndi kumtunda, mbali ya kwa Dambe, m'mapiri oyandikana ndi malire a Mozambique. Nthaka yake sindinganame, ndi yachonde. Mbatatesi imachita, tirigu amachita, nyemba, manachesi, chilichonse. Vuto ndi kutulutsa zimene mwalima. Mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, msewu umasanduka phala. Lole imene inabwera kudzatenga mbatatesi imagona pachitunda masiku awiri, anyamata akuikankha ndi kuika miyala kunsi kwa matayala. Galimoto za matola zimaleka kubwera, a kabaza a njinga zamoto n'kukweza mtengo mmene afunira, ndipo simungakangane nawo poti palibenso wina. Walira mvula walira matope, koma matope athu ndi a mtundu wina.

Anthu a m'tauni samvetsa kuti msewu ndi umene umatchula mtengo wa mbewu. Venda akafika pamudzi ndi lole yake amakhala atawerengera kale mafuta, masipuling'i othyoka ndi masiku amene angagone panjira, ndipo zonsezo amazichotsa pa thumba la amayi anga. Mbatatesi siidikira, ikakhalitsa imayamba kuola. Ndiye mlimi amangovomera. Thumba lomwelo mukalipeza pamsika wa Limbe mumadabwa ngati ndi lochokera kunja.

Neno inakhala boma payokha mu 2003 itachoka pansi pa Mwanza. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikumva za msewu wa phula wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza, makamaka chisankho chikayandikira. Chimene chimandiwawa n'chakuti zinthu zikuluzikulu zimangotidutsa. Sitima za malasha zochoka ku Moatize kupita kudoko la Nacala zimadutsa m'boma lathu lomweli. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa Shire, ku Nkula ndi ku Tedzani, m'mphepete mwathu mwenimweni, koma amayi amatchajitsa foni pa sola ya mwini golosale. Chimene ndingayamike ndi zachipatala: chibwerereni a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mu 2007, zinthu zinasintha kwambiri. Komabe mayi woyembekezera amayenera kufika kaye kuchipatalako, ndipo njira ndi yomweyo.

Tsono nkhani ya malo, imene ndi yaikulu kuposa ya msewu. Mnzanga uja akuganiza kuti kumudzi kuli tchire lopanda mwini. Kulibe. Tsala lililonse limene mukuliona lagonera lili ndi dzina la agogo ake a winawake. Kwathu ambiri timatsata chikamwini: munda ndi wa mbumba, umayenda kuchoka kwa mayi kupita kwa ana aakazi. Malume ndi woyang'anira chabe, ndipo mkamwini ndiye alibiretu mawu. Koma amene amathamanga kukumana ndi mlendo wa galimoto ndi ndani? Ndi malume yemweyo, kapena mkamwini amene wapanikizika ndi ngongole ya feteleza.

Ndinaziona ndi maso m'mudzi woyandikana ndi wathu. Bambo wina wa m'tauni anagula munda kwa mkulu wina, analemberana pa pepala long'amba m'kope, mboni ziwiri zinasaina, anthu anamwa thobwa. Anadzala mitengo, anaika mlonda. Patatha zaka ziwiri mwana wamkazi wa mlongo wake wa mkulu uja anabwerako ku ukwati umene unatha, ali ndi ana atatu, n'kufunsa kuti munda wa amayi ake uli kuti. Mlandu unayamba kwa amfumu, n'kupita kwa gulupu, n'kupitirira. Wogula sanabe, analipira ndithu. Mayiyo sananame, munda unalidi wa kwawo. Ndalama zinali zitadyedwa kale. Mpaka lero mabanja awiri aja sayenderana ngakhale pamaliro, ndipo mitengo ija mbuzi zinamaliza.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linabwera kuti zotere zichepe. Limati pakhale komiti ya malo pansi pa gulupu, ya anthu osankhidwa ndi mudzi, amayi akhalemo osachepera atatu, ndipo banja likhoza kulembetsa munda wake n'kulandira chiphaso. Ndi lamulo labwino, koma kwathu anthu ambiri chiphasocho sanachionepo. Malire akadali mtengo wa mango, chulu, ndi zimene akukumbukira agogo amene akutha mmodzimmodzi. Ndiye munthu akakuuzani kuti "mfumu yavomera, bweretsani ndalama," funsani kuti alongo ake ali kuti, ndipo amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni auzidwa kapena ayi.

Abale anga akumudzi nawonso ndili nawo mawu. Anyamata akugulitsa dimba kuti apeze ya pasipoti ndi ya basi yodzera pa Mwanza kupita ku Johannesburg. Ena zimawayendera, amamanga nyumba ya malata. Ena amabwerako ndi chikwama chokha, n'kuyamba ganyu m'munda umene unali wa amayi awo. Ine ndimati ngati zavuta bwereketsani munda kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, pamaso pa mbumba yonse. Tsiku limene phula lidzafike, malo amene mukugulitsa pa mtengo wa njinga yamoto simudzawakwanitsanso.

Za tinyumba ta alendo sindikutsutsa. Amene amakwera Mulanje ndi Zomba akhoza kukonda mapiri athu, ndipo mphepo yake ndi yabwino kuposa ya ku Ndirande. Koma mlendo amafuna kudziwa kuti akabwera Lachisanu abwerera Lamulungu, osati kudikira kuti msewu uume.

Mnzanga uja wavomera kubwera mu February. Ndamuuza asiye galimoto yake yaing'onoyo ku Blantyre, agule majombo, ndipo akagona kwa amayi sabata yathunthu. Amayi nditawaimbira anangofunsa ngati munthuyo amadziwa kusenza thumba.