Namwino uja sanafunse kuti anamulodza ndani

Tsiku limene tinapita ndi mlongo wanga ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo muno mu Lusaka, tinamumanga manja ndi chitenje cha amayi. Ndikulemba izi mwini wake atandilola. Anali atatha masiku asanu osagona, akuyankha anthu amene ife sitinkawaona, nsima akuikana poti muli poizoni. Tinali titadutsa kale kwa ng'anga ndi kumapemphero a usiku wonse, ndipo m'banja aliyense anali ndi munthu wake womuganizira. Ena ankaloza mnzake wa kuntchito, ena ankaloza azakhali akumudzi.

Namwino amene anatilandira anayang'ana chitenje chija n'kunena kuti, "Tammasulani." Amalume anati, "Asisita, akumenyanitu ameneyu." Namwino uja anakoka mpando n'kukhala chapatali pang'ono, chitseko chili chotsegula, ndipo anafunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, lero mwadya?" Mlongo wanga sanayankhe, koma anakhala pansi.

Ine ndinkayembekeza jakisoni pomwepo. M'malo mwake anamuyeza kutentha kwa thupi, BP, shuga ndi malungo. Mtima unandiwawa, ndinkaona ngati akutichedwetsa. Pambuyo pake anandifotokozera kuti malungo aakulu, shuga wotsika kwambiri, ngakhale matenda oumitsa khosi amene amavutitsa anthu a HIV, angasokoneze munthu mpaka kumabwebweta ndi kuona zinthu zoti palibe. Nayenso womwa mowa tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi, pakatha masiku awiri kapena atatu angayambe kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona tizilombo pakhoma. Wotereyu ukangomugoneka ndi jakisoni n'kumusiya, angafe ndi matenda ochizika.

Kenako mafunso, ola lathunthu. Zinayamba liti? Amagona bwanji? Amamwa? Chamba amasuta? Pali mankhwala ena amene akumwa? Anayamba wagwapo khunyu? M'banja mwanu alipo amene anadwalapo chonchi? Apa amayi anaweramitsa mutu n'kutchula agogo aamuna, nkhani imene ife ana sitinaimvepo chibadwire. Funso limene linatidzidzimutsa ndi lakuti, "Kodi munaganizapo zodzipha?" Amalume anafuna kumuletsa poopa kuti amupatsa nzeru zoipa. Namwino anati kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, koma kumamupatsa mpata woulula zimene wasenza yekha. Mlongo wanga anagwedeza mutu kuvomera. Tinkagona naye nyumba imodzi koma palibe ankadziwa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife tili ndi liwu limodzi lokha: misala. Wovula pamsewu ndi wamisala, mayi amene wasokonezeka patangopita masiku ochepa atabereka ndi wamisala, mnyamata wa chamba ndi wamisala, wakhunyu naye timamuponya momwemo ngakhale kuti ake ndi matenda ena. Pamene amene wangokhala phee kwa milungu iwiri kapena kuposa, osadya, osasamba, osakondwa ndi chilichonse, timamutcha waulesi, chonsecho ndi matenda okhumudwa amene ali ndi mankhwala ake. Matenda a maganizo ambiri sapezeka m'magazi kapena pa X-ray. Amapezeka pofunsa, pomvetsera, ndi poonetsetsa wodwala masiku angapo: wagona maola angati, wadya, akulankhula ndi ndani. Dokotala amabwera n'kupita, koma amene amaona zonsezi usana ndi usiku ndi namwino. Zimene iye amalemba m'faelo n'zimene zinathandiza kuti pamapeto atiuze dzina la matenda a mlongo wanga, schizophrenia, amene amachititsa munthu kumva mawu kapena kuona zinthu zoti palibe.

Tsopano pamene tinalakwa ife. Atatuluka anapatsidwa mapiritsi a haloperidol. Namwino anandichenjeza kuti mankhwalawa nthawi zina amaumitsa thupi, koma tsikulo mutu wanga unali pa kukwera minibasi kusanade, ndipo amayi sindinawauze. Patapita masiku mlongo wanga anayamba kuyenda ngati chidole, manja akunjenjemera, dovu likutuluka. Tsiku lina khosi linapindikira mbali imodzi, maso atatembenukira kumwamba. Amayi analira kuti mankhwala a achipatala akumumaliza mwana wawo, n'kutaya mapiritsi onse m'chimbudzi. Ine sindinawatsutse, nanenso ndinali ndi mantha. Sipanathe miyezi itatu, mawu aja ankawamva yekha anabwerera.

Titabwerera kuchipatala tinamva kuti kuuma kuja kuli ndi chothetsera chake. Pali kapiritsi ka benzhexol, kamene ambiri amakadziwa kuti Artane, komanso dokotala akhoza kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala. Tikanangobwera naye tsiku lomwelo! Poti mapiritsi ankaiwala, anamusinthira ku jakisoni wa fluphenazine wobaya kamodzi pamwezi. Ulendo uno namwino anaitana amayi, anakhala nawo pansi n'kuwalongosolera m'Chinyanja, pang'onopang'ono, mpaka amayi atabwereza okha zonse. Anawauzanso kuti kupemphera sanawaletse, apemphere ndithu, koma tsiku la jakisoni asalumphe. Mphindi zimene zija zinachiza nyumba yathu yonse.

Chipatala cha Chainama chilipo kuyambira 1962, ndipo dzina lake tinalisandutsa chitonzo. Mwana akachita phokoso timamuopseza nalo. Lamulo lakale la 1949 linkatchula odwala ndi mawu onyoza, onga chitsiru. Linachotsedwa ndi lamulo latsopano la 2019 limene limati wodwala matenda a maganizo ali ndi ufulu ndi ulemu ngati wodwala wina aliyense. Papepala tasintha. Pakamwa pathu ndi m'makomboni, ndimamvabe za anthu omangidwa ndi unyolo kuseri kwa nyumba poopa manyazi.

Ndikanakonda kuti pakiliniki iliyonse muno mu Lusaka pakhale namwino wophunzira za maganizo, wokhala ndi chipinda chake chotseka chitseko ndi nthawi yokwanira yofunsa mafunso aja, osati kufunsa za kudzipha mzere wa anthu makumi asanu ukumvetsera pakhonde. Mankhwalanso asamasowe, chifukwa mwezi umodzi wopanda jakisoni ukhoza kugwetsa zimene banja lamanga chaka chonse. Ndipo inu atsikana ndi anyamata amene mukuphunzira unamwino, anzanu akamakusekani kuti mwasankha za amisala, musabwerere m'mbuyo chonde. Tikukufunani kwambiri.

Mlongo wanga anabwerera kuntchito yake yowotcherera mageti ku Kalingalinga. Manja amanjenjemerabe pang'ono m'mawa, ndipo wanenepa. Khadi lake amasunga yekha m'chikwama. Lachinayi likubwerali ndi tsiku lake la jakisoni, ndipo wandiuza kale kuti ndisamuperekeze.